Mayi wa Zoyera pa Matanthwe a Appledore: Tiyeni Tichione Bwino Chithunzi cha Childe Hassam

[Pa sikirini: chithunzi chonse. Pasamveke nyimbo kwa masekondi angapo.]

Ndisanalankhule zambiri, tachiyang'anani kaye chithunzichi. Musafulumire. Mwamuona munthu? Ena mwamuona nthawi yomweyo, koma ndikudziwa kuti ambiri maso anu anathamangira kumadziko, chifukwa buluu wake ndi wokoka maso. Bwererani kumiyalaku, chakumanzere. Apo pakhala mayi. Wavala zoyera mbee, kumutu kuli chipewa chachikulu chomutchinga dzuwa, ndipo nkhope yake sitikuiona bwino. Wangokhala phee, ngati nayenso ndi mwala umodzi mwa miyala imeneyi.

Moni nonse abale ndi alongo, takulandiraninso. Lero tili ku America, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Atlantic, m'chaka cha 1913. Chithunzi chimene mukuonachi dzina lake ndi The South Ledges, Appledore, kutanthauza matanthwe a kumwera kwa chilumba cha Appledore. Anachijambula ndi penti wamafuta pa chinsalu ndi bambo wina dzina lake Childe Hassam. Si chachikulu kwambiri: msinkhu wake ndi pafupifupi masentimita 87, m'lifupi pafupifupi 92, ndiye kuti mbali zake zonse zatsala pang'ono kufanana. Lero chimasungidwa kumalo osungira zaluso a Smithsonian American Art Museum mumzinda wa Washington. Chinafika kumeneko pamodzi ndi zinthu zina zambiri zimene munthu wina wachuma, John Gellatly, anapereka mwaulere mu 1929.

Funso limene ndikufuna tiyankhe limodzi ndi ili: kodi munthu amene anapaka penti chonchi, timizere tatifupitifupi tosasalaza, anali pachangu? Kapena ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita?

[Pa sikirini: kuyandikira pang'onopang'ono mpaka timizere ta bulashi tioneke patokhapatokha.]

Taonani zimene zikuchitika tikayandikira. Nyanja ija yasowa. Chatsala ndi timizere: aka ka buluu wakuda, aka kowala, aka kopita kobiriwira, apa kapepo, apo koyera. Wojambulayo sanasakanize mitundu yonseyi kuti apange buluu mmodzi n'kumupaka ngati mmene timapakira khoma la nyumba. Anaika mtundu uliwonse pambali pa unzake n'kuusiya choncho. Ntchito yosakaniza anaisiyira maso anu. Mukabwerera m'mbuyo masitepe atatu, timizere tija timalumikizana, ndipo madzi amayamba kunyezimira ngati akuyenda.

Amene munakhalapo m'mbali mwa nyanja yathu masana dzuwa lili paliwombo, kaya ku Nkhata Bay kaya ku Cape Maclear, mukudziwa kuti madzi sakhala ndi mtundu umodzi. Pafupi ndi miyala amaoneka obiriwira, patsogolo pang'ono buluu, kutali bii, ndipo kamphepo kakangodutsa zonse zimasintha. Mukati muloze chala kuti "mtundu wake ndi uwu," wapita kale. Vuto limeneli ndi limene ojambula a kajambulidwe kotchedwa Impressionism ankalimbana nalo.

[Pa sikirini: chithunzi cha Claude Monet cha doko la Le Havre m'mamawa.]

Kajambulidwe kameneka kanayambira ku France. Mu 1874, kagulu ka ojambula ku Paris kanachita chionetsero chawochawo, atatopa ndi akuluakulu amene ankasankha zithunzi zoyenera kuonetsedwa. Mmodzi mwa iwo, Claude Monet, anaikapo chithunzi cha dzuwa likutuluka padoko, ndipo m'dzina lake munali mawu akuti impression, kutanthauza chimene maso agwira poyamba munthu asanayambe kuwerenga zinthu chimodzichimodzi. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anatenga mawuwo n'kuwasandutsa chitonzo, kuti anthuwa akuonetsa ntchito yosamaliza. Dzina lachipongwelo linakakamira, eni ake n'kulilandira.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kanathandiza kwambiri, ndipo anakatulukira ndi munthu wa ku America. Mu 1841, wojambula wina dzina lake John Goffe Rand anapanga chubu chachitsulo chofewa chosungiramo penti, chonga cha mankhwala otsukira mano. Izi zisanachitike, penti ankamusunga m'timatumba ta chikhodzodzo cha nkhumba, ndipo ukangokaboola, penti sankachedwa kuuma. Chubu chija chitabwera, munthu ankatha kunyamula mitundu yake m'kabokosi, kukakhala pathanthwe, n'kujambula nyanja akuiona ndi maso, mphepo ikumuwomba.

[Pa sikirini: chithunzi cha nkhope ya Hassam.]

Tsopano mwini wake. Anabadwa mu 1859 ku Dorchester, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Boston, ndipo dzina lake lonse linali Frederick Childe Hassam. Bizinesi ya bambo ake inapsa pa moto waukulu umene unawononga pakati pa Boston mu 1872, ndipo mnyamatayo sanamalize sukulu. Anayamba ntchito kwa munthu wosema zithunzi pamatabwa zosindikizira m'manyuzipepala ndi m'mabuku. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ntchito yotere siilola dzanja lonjenjemera. Mzere ukakhota, wakhota. Munthu amene pambuyo pake anadzatchuka ndi timizere tooneka ngati tongoponya, anayamba ndi kuphunzira kulondola.

Mu 1886 anapita ku Paris ndi mkazi wake Maud, n'kukalowa sukulu ya zojambula ya Académie Julian. Maphunziro a m'kalasi sanamukomere kwenikweni. Zambiri anaziphunzira m'misewu ndi m'zionetsero. Ali komweko anachita lendi chipinda chogwiriramo ntchito chimene kale munali Renoir, mmodzi mwa ojambula a kagulu ka ku Paris kaja, ndipo anapezamo tizithunzi tina timene mwini wakeyo anasiya. Atatiyang'ana anazindikira kuti munthu ameneyu ankafunafuna chinthu chomwecho chimene iye ankafuna. Anabwerera kwawo mu 1889 n'kukhazikika ku New York. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, iye ndi anzake J. Alden Weir ndi John Henry Twachtman anatsogolera kagulu ka ojambula khumi kotchedwa The Ten, kamene kankachita zionetsero zakezake.

Hassam sankakondwa anthu akamamutcha wotsatira wa Monet. Ankakonda kuloza kwa ojambula a ku England, monga Turner ndi Constable, kuti ndiwo anatsegula njira. Ine ndimaona kuti apa panali kunyada pang'ono, chifukwa za ku France zikuonekeratu m'dzanja lake. Komabe ndikumumvetsa. Taonani matanthwe ake: sasungunuka m'kuwala ngati nkhungu. Ndi olimba, olemera, oti mutawaponda opanda nsapato mungamve kutentha kwake kuphazi.

[Pa sikirini: mapu a gombe la kumpoto chakum'mawa kwa America, kenako tizilumba ta Isles of Shoals.]

Nanga malowa ali kuti? Pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe, pamalire a zigawo za Maine ndi New Hampshire, pali tizilumba tisanu ndi tinayi totchedwa Isles of Shoals. Chachikulu mwa tonse ndi Appledore, ndipo ngakhale ndati chachikulu, mutha kuchizungulira wapansi m'mawa umodzi. Ndi mwala wokhawokha, zitsamba zazifupi, mbalame za m'nyanja, ndi mphepo. M'zaka za m'ma 1600 kunali asodzi ambiri ochokera ku England amene ankapha ndi kuyanika nsomba yotchedwa cod. Nthawi imeneyo Appledore ankachitcha Hog Island, chilumba cha nkhumba.

Amene anachisintha dzina ndi banja la a Laighton. Bambo Thomas Laighton poyamba anali woyang'anira nsanja ya nyali yowongolera zombo pa kachilumba kena komweko, White Island. Kenako anamanga hotela yaikulu pa Appledore, imene inatsegulidwa mu 1848. Anthu achuma a ku Boston ndi New York ankathawira kumeneko m'chilimwe chawo, miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti, nthawi imene ife kuno timakhala tikuwotha moto.

Koma chimene chinakokera Hassam kuchilumbachi si hotela. Anali mwana wamkazi wa a Laighton, mayi Celia Thaxter.

[Pa sikirini: chithunzi cha Hassam cha 1892, Celia Thaxter ataimirira m'dimba lake la maluwa.]

Mayi ameneyu anakulira pa tizilumbati kuyambira ali ndi zaka zinayi, ndipo anadzakhala mlakatuli wodziwika m'dziko lonse la America. Pafupi ndi hotela ija anali ndi nyumba yake, ndipo pabalaza pake pankasonkhana alakatuli, oimba ndi ojambula chilimwe chilichonse. Kutsogolo kwa nyumbayo analima kadimba ka maluwa, kakang'ono zedi, pafupifupi mamita 15 m'litali ndi mamita osakwana 5 m'lifupi. Taganizani, kulima maluwa pamwala, pamphepo yamchere. Mbewu zina ankazifesa kumtunda nyengo yozizira isanathe, m'zikamba za mazira, n'kuziwolotsa pa boti zitamera.

Anali wamkulu kwa Hassam ndi zaka zoposa makumi awiri, ndipo anali ngati mayi wake pa zaluso. Ndi iyeyu amene anamulangiza kuti asiye dzina loti Frederick, azingodziwika kuti Childe Hassam, chifukwa dzina lotere munthu akalimva kamodzi saliiwala. Zaka zoyambirira Hassam akabwera ku Appledore ankajambula kwambiri dimbalo: maluwa ofiira, apinki ndi oyera akugwedezeka, nyanja ili kumbuyo. Mu 1894 kunatuluka buku la mayi Thaxter lonena za dimba lawolo, An Island Garden, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Hassam. M'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, mayiwo anamwalira pachilumba pomwepo, ndipo anaikidwa pomwepo.

Hassam anakhala zaka zingapo osapondako. Atabwerera, maluwa aja anawasiya. Anatembenukira kumatanthwe.

[Pa sikirini: zithunzi zingapo za matanthwe a Appledore, chimodzi pambuyo pa chinzake, pang'onopang'ono.]

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandigwira mtima. Mnzake kulibe, pabalaza paja pali zii, koma munthuyu akubwerabe chaka ndi chaka, kunyamula kabokosi kake, kupita kumapeto kwa chilumba kumene kulibe mthunzi, n'kukhala pansi kuyang'ana mwala ndi madzi. Mwala womwewo m'mawa, mwala womwewo madzulo. Madzi atakwera, madzi atatsika. Anachita zimenezi kwa zaka pafupifupi makumi atatu tikawerenga kuyambira pachiyambi, ndipo mwa ntchito zake zonse, zimene zimaposa 3,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi ndi za kachilumba kamodzi aka.

Ndiye pofika 1913, pamene ankajambula chithunzi chathuchi, anali ndi zaka 53, ndipo matanthwe amenewa anali atawayang'ana kwa zaka zoposa makumi awiri. Mlimi amene walima munda umodzi kwa zaka zotere sachita kuyeza kuti adziwe pamene madzi amadikha. Amangodziwa. Dzanja la Hassam likuoneka lofulumira chifukwa silinkafunikanso kufunsa njira.

Umboni wake ulipo. Mu 2016 kunachitika chionetsero cha zithunzi zake za Appledore, chokonzedwa ndi North Carolina Museum of Art pamodzi ndi Peabody Essex Museum ya ku Salem. Pokonzekera, akatswiri a zojambula anayenda pachilumbacho limodzi ndi asayansi a zam'nyanja amene amagwira ntchito kumeneko, atanyamula makope a zithunzizo. Malo ambiri anawapeza. Ankatha kuima pamene Hassam anaima, n'kuona mng'alu womwewo m'thanthwe, phompho lomwelo, mwala womwewo utatulukira m'madzi. Zimene wina angazione ngati penti wongomwaza zinapezeka kuti ndi malo enieni oti mutha kuwaloza pa mapu.

[Pa sikirini: kubwerera ku The South Ledges, Appledore. Kuyandikira pamene miyala yakumana ndi madzi.]

Tiyeni tibwerere kuchithunzi chathu ndi maso amenewa. Yang'anani m'munsi mwa matanthwe, pamene akhudzana ndi madzi. Pamwamba miyala ndi yowala, koma pansipa pali lamba wakuda, wofiirira. Ameneyu si mthunzi. Ife a kunyanja ya madzi opanda mchere tiyenera kufotokozerana pang'ono apa. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika potsata mvula, pa miyezi. Nyanja yamchere imakwera ndi kutsika kawiri tsiku lililonse, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo kugombe la Maine kusiyana kwake kumaposa mamita awiri. Gawo la mwala limene limamira ndi kuvuuka tsiku ndi tsiku limamera ndere za m'nyanja ndipo limada. Choncho lamba uja akutiuza nthawi: madzi atsika. Munthu wa pachilumbapo akanangoyang'ana kamodzi n'kudziwa.

Tsopano kwerani pamiyala yowalayo. Mukanafunsidwa mtundu wake mukanati yoyera. Koma yandikirani. Muli pinki, muli chikasu, muli kabuluu, muli kofiirira ngati dothi. Ndipo m'mithunzi simukupezeka penti wakuda bii. Mithunzi yake ndi ya buluu ndi pepo. Ojambula a gulu limeneli anazindikira kuti panja, dzuwa likawala, mthunzi umatenga mtundu wa thambo. Mawa masana mukayang'ane mthunzi pakhoma lopaka laimu, muona kuti ankanena zoona.

[Pa sikirini: kuyandikira pa mayi uja.]

Kenako mayi uja. Diresi yake anaipanga ndi timizere tofanana ndi ta miyala, mitundu yakenso yomweyo: zoyera, kabuluu m'mapindo, kachikasu pamene dzuwa lagunda. Palibe mzere wakuda womuzungulira kuti timusiyanitse ndi pamene wakhala. N'chifukwa chake ena simunamuone poyamba paja. Hassam sanafune kutiuza kuti mayiyu ndi wokongola bwanji kapena akuganiza chiyani. Nkhope anaibisa. Kuwala kumene kwagwa pamwala ndi komweko kwagwa pa munthu, ndipo iye anajambula kuwalako.

Komabe muchotseni mayiyu m'maganizo mwanu, muone chimene chichitike. Matanthwe aja simudziwanso ngati ndi aakulu ngati nyumba kapena aang'ono ngati mafuwa. Iye ndiye muyeso wathu. Ndiponso ndi iye amene akutipatsa pokhala. Timakhala naye pamenepo, kumva dzuwa pamsana.

Onaninso mmene anagawira chinsalu chake. Thambo pafupifupi mulibe. Ojambula ambiri a nyanja amapereka theka la chithunzi kwa mitambo, koma apa madzi akwera mpaka kumtunda, ngati nsalu yopachikidwa. Miyala yowala yatenga mbali ya kumunsi ndi kumanzere, madzi a buluu atenga kumtunda ndi kumanja, ndipo malire ake akuyenda mopingasa, mokhotakhota. Chowala ndi chakuda, cholimba ndi choyenda, chofunda ndi chozizira. Chithunzi chonse chaima pa kukumana kwa ziwirizi.

[Pa sikirini: chithunzi chakale cha hotela ya Appledore House, alendo ali pakhonde.]

Pali chinthu china chimene sindingachilambalale. Mayi wovala zoyera chonchi, wokhala pathanthwe masana osagwira ntchito, ndi mlendo wa pahotela, munthu wa ndalama. Amene anachapa ndi kusita diresi imeneyo sakuoneka. Ophika, opalasa maboti, asodzi amene anatsala pa tizilumbati, onsewo mulibe. Hassam ankadziwa amene amagula zithunzi zake, ndipo ankawapatsa dziko lopanda thukuta. Amene amamudzudzula pa mfundo imeneyi sakulakwa. Ine ndimavomereza, koma sindileka kuchikonda chithunzichi, chifukwa pa chimene anasankha kuyang'ana, sananame. Madziwo ndi oona. Mwalawo ndi woona.

Chaka cha 1913 chomwecho, mu Febuluwale, ku New York kunachitika chionetsero chachikulu chotchedwa Armory Show, chimene chinaonetsa anthu a ku America ntchito za ojambula a ku Ulaya a kajambulidwe katsopano, monga Picasso, Matisse ndi Duchamp. Zithunzi za Hassam zinalipo, koma pambali pa zatsopanozo zinaoneka ngati za m'badwo wapita. Kajambulidwe kamene kanali kachipongwe mu 1874 tsopano kanali ka madala. Iye zatsopanozo sanazikonde, ndipo sanabise. Chilimwe chitafika anakwera boti kubwerera kumatanthwe ake, n'kujambula chimene tikuonachi.

Chaka chotsatira, mu 1914, moto unabuka pa Appledore. Hotela ija inapsa, nyumba ya mayi Thaxter inapsanso. Ku Ulaya nkhondo yaikulu inali itangoyamba. Hassam anapitanso kuchilumbako kangapo kokha pambuyo pake, kenako anasiya. Maso ake anatembenukira ku misewu ya New York yodzaza mbendera za nthawi ya nkhondo, ndipo chimodzi mwa zithunzi zimenezo, cha 1917, chili ku White House. Anamwalira mu 1935 ku East Hampton. Zithunzi zimene anatsala nazo anazisiyira bungwe la American Academy of Arts and Letters kuti lizigulitse, ndalama zake zizigulira ntchito za ojambula amoyo n'kuzipereka kumalo osungira zaluso.

[Pa sikirini: Appledore lero. Mbalame, ophunzira ali pamiyala, kadimba ka maluwa.]

Lero pa Appledore pali malo ophunzirira za m'nyanja otchedwa Shoals Marine Laboratory, oyendetsedwa ndi Cornell University pamodzi ndi University of New Hampshire. Ophunzira amayenda pamatanthwe omwe aja ndi zidebe ndi makope, kuwerenga tinkhono ndi ndere. Dimba la mayi Thaxter analidzalanso mu 1977 pamalo pake penipeni, potsata mapulani amene iwo eni anasiya m'buku lija, ndipo chilimwe chilichonse anthu amawoloka pa boti kukaliona.

[Pa sikirini: chithunzi chonse kachiwiri. Phokoso la mafunde chapansipansi.]

Ngati muli ndi chithunzi china chimene mukufuna tidzachiyang'ane limodzi chonchi, tilembereni m'munsimu. Pakadali pano ndikusiyirani ichi pa sikirini kwa kanthawi. Yambirani pa chipewa cha mayiyo, tsikani ndi mapindo a diresi mpaka pamwala, mutsate mwalawo kufikira pa lamba wakuda uja. Pakatha maola asanu ndi limodzi madzi adzakhala atakwirira lamba yenseyo.